Kugunda kokha sikukwanira: nkhani ya maselo a mtima opangidwa mu labotale

Khungu likachekeka limapola, fupa likathyoka limalumikizana, chiwindi achidule mbali imodzi chimameranso. Mtima suchita zimenezi. Mtsempha wodyetsa mnofu wa mtima ukatsekeka ndi magazi oundana, maselo a kutsogolo kwa malo otsekekawo amasowa okosijeni n'kuyamba kufa ola lisanathe. Vutoli, limene madokotala amalitcha heart attack, likakhala lalikulu munthu amatha kutaya maselo okwana 1 biliyoni m'maola ochepa chabe. Pamene maselowo afera pamabwera chipsera. Chipseracho n'cholimba ndithu, chimateteza mtima kuti usabooke, koma sichifinya ndipo sichipopa magazi. Mnofu wotsalawo umasenza ntchito yonse, umatanuka, kenako pakapita zaka umafooka. Munthu amayamba befu akangoyenda pang'ono, miyendo kutupa, kugona chagada osatheka.

Mankhwala amene alipo amaupeputsira mtima ntchito ndipo amatalikitsadi moyo, koma palibe ndi amodzi omwe obwezeretsa mnofu umene unafa. Zikafika poipitsitsa chimatsala n'kuika makina othandiza kupopa magazi kapena kumuika munthu mtima wa wina, monga anachitira koyamba Christiaan Barnard pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu December 1967. Koma mitima yoperekedwa ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi odwala oidikira. Apa m'pamene panachokera maganizo akuti mwina mnofu wa mtima ukhoza kupangidwa mu labotale.

Kodi mtima sudzikonzadi?

Kwa zaka zambiri akatswiri ankatsutsana ngati mtima wa munthu wamkulu umapanga maselo atsopano n'komwe. Yankho linachokera kumene munthu sangaganizire: ku mabomba a nyukiliya. Pakati pa 1955 ndi 1963 mayiko amphamvu ankaphulitsa mabombawa mumlengalenga powayesa, ndipo zimenezi zinachulukitsa kwambiri kaboni wa mtundu wa carbon-14 mumpweya. Atagwirizana zosiya kuyesera mumlengalenga mu 1963, kaboniyo anayamba kuchepa chaka ndi chaka, ndipo asayansi ali ndi miyeso ya chaka chilichonse. Zomera zimatenga kaboni mumpweya, ife timadya zomerazo, ndipo selo likamabadwa limapanga DNA yake ndi kaboni wa nthawi imeneyo. DNA ikapangidwa siisinthanso kaboni wake. Choncho ukayesa carbon-14 wa mu DNA ya selo, ukhoza kudziwa chaka chimene selolo linabadwa.

Olaf Bergmann ndi Jonas Frisén a ku Karolinska Institutet ku Sweden anachita zimenezi ndi mitima ya anthu omwalira, n'kufalitsa zotsatira mu 2009. Anapeza kuti munthu wa zaka 25 amasintha pafupifupi 1 peresenti ya maselo a mnofu wa mtima pa chaka, ndipo pofika zaka 75 chiwerengerocho chimatsika kufika pa 0.45 peresenti. Ndiye kuti ngakhale nkhalamba imafa ili ndi maselo a mtima oposa theka amene inali nawo paukhanda. Kudzikonza kulipo, koma n'kochepetsetsa moti sikungatseke dzenje la maselo 1 biliyoni.

Zamoyo zina zimatha. Mu 2002 Kenneth Poss ndi Mark Keating anadula 20 peresenti ya chipinda chopopa cha mtima wa kansomba kotchedwa zebrafish, ndipo patatha miyezi iwiri mnofu unali utabwerera. Mu 2011 ofufuza a ku Dallas anapeza kuti mbewa ya tsiku limodzi imachitanso chimodzimodzi, koma ikangokwanitsa masiku 7 mphamvuyo imatha.

Njira zimene zinagwiritsa anthu mwala

Kufufuzaku kunayamba ndi kukhumudwa, ndipo ndi bwino kuzidziwa chifukwa malonjezo a nthawi imeneyo adakamvekabe. Mu 2000 dokotala wa opaleshoni wa ku Paris, Philippe Menasché, anabaya mumtima wa wodwala maselo otengedwa mu mnofu wa pantchafu. Maselowo anakhalamo, koma sanalumikizane ndi magetsi a mtima, ndipo odwala ena mtima unayamba kugunda mosokonekera. Chaka chotsatira gulu la Piero Anversa linalengeza kuti maselo a m'mafuta a m'mafupa amasanduka mnofu wa mtima akabayidwa mu mbewa. Zipatala za m'mayiko ambiri zinathamangira kuyesa pa anthu. Mu 2004 magulu awiri a ofufuza anabwereza ntchitoyo n'kupeza kuti maselowo sasanduka mnofu wa mtima ayi. Anversa anapitirira n'kunena kuti mumtima momwemo muli maselo apadera otha kuukonza, koma mu 2018 Harvard Medical School ndi chipatala cha Brigham and Women's anapempha kuti malipoti 31 a mu labotale yake achotsedwe m'magazini a sayansi chifukwa munali zotsatira zabodza. Zaka pafupifupi 17 ndi ndalama zankhaninkhani zinapita potsatira mapazi olakwika.

Chimene chinatsalapo n'chakuti maselo okhawo amene palibe wokayika kuti amasanduka mnofu weniweni wa mtima, wochuluka, ndi ma stem cell a mtundu umene umatha kusanduka chiwalo chilichonse.

Maselo otere amapezeka mu mluza wa masiku 5 kapena 6, usanakhazikike m'chiberekero. James Thomson wa ku University of Wisconsin ndiye anali woyamba kuwasunga amoyo mu labotale kuchokera ku miluza ya anthu, mu 1998. Kuwatenga kumawononga mluzawo, ndipo anthu ambiri chikumbumtima chawo sichinavomere, mayiko ena mpaka anaika malamulo okhwima. Njira ina inatseguka mu 2006 pamene Kazutoshi Takahashi ndi Shinya Yamanaka a ku Kyoto University anatenga maselo wamba a mbewa n'kuwalowetsa majini anayi okha, Oct3/4, Sox2, Klf4 ndi c-Myc. Maselowo anaiwala ntchito yawo n'kubwerera kukhala ngati a mu mluza. Mu 2007 anachita zomwezo ndi maselo a khungu la munthu, ndipo mu 2012 Yamanaka analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi John Gurdon. Maselo amenewa amatchedwa iPS, ndipo masiku ano amapangidwa ngakhale kuchokera ku magazi ochepa otengedwa pamkono.

Kutsanzira mluza

Selo lotha kukhala chilichonse silidziwa lokha kuti likhale mtima. Mu 2001 gulu la Lior Gepstein ku Technion, mumzinda wa Haifa, linangosiya maselo ochokera ku miluza ya anthu kuti aunjikane m'timagulu n'kusanduka zimene akufuna. Mwa timagulu 100 tilitonse, pafupifupi 8 tokha ndi timene tinali ndi kachigawo kogunda. Zinasonyeza kuti n'zotheka, koma sungachize munthu podalira mwayi wotere.

Akatswiri anabwerera ku mluza kukaona mmene umachitira. M'sabata yachitatu mluza umagawika m'zigawo zitatu: chakunja chimapanga khungu ndi ubongo, chamkati chimapanga chiwindi, mapapo ndi khoma la matumbo, ndipo chapakati chimapanga mafupa, magazi, minofu ndi mtima. Pofika cha m'ma tsiku la 22 kamtima kamakhala katayamba kugunda. Maselo amadziwa kolowera chifukwa amatumizirana mauthenga a mankhwala, ndipo umodzi wa mauthenga ofunika kwambiri umatchedwa Wnt. Chimene chinasokoneza ofufuza kwa nthawi yaitali n'chakuti ena ankapeza kuti Wnt amathandiza kupanga mtima pamene ena ankapeza kuti amalepheretsa. Onse ankanena zoona. Poyambirira Wnt amafunika kuti selo lilowe m'chigawo chapakati chija, koma likangolowamo Wnt ayenera kuzimitsidwa, apo ayi selolo limakhotera kwina osakhala mtima.

Mu 2012 Xiaojun Lian ndi Sean Palecek, nawonso a ku Wisconsin, anasandutsa mfundo imeneyi kukhala njira yosavuta imene ma labotale ambiri amagwiritsa ntchito mpaka lero. Maselo amawayala m'kambale mpaka atatsala pang'ono kudzaza. Tsiku loyamba amathira mankhwala otchedwa CHIR99021 amene amayatsa Wnt, n'kuwachotsa pakatha maola 24. Pakatha masiku atatu chiyambireni amathira mankhwala ena, monga IWP2, ozimitsa Wnt kwa masiku awiri. Sabata yoyamba yonse madzi odyetsera maselo sakhala ndi insulin chifukwa imasokoneza, amadzaiika pambuyo pake. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 10 kachigawo kena kamayamba kunjenjemera, kenako kambale konse kamagunda pamodzi, moti nthawi zina umaona ndi maso osafuna makina. Zikayenda bwino maselo oposa 80 kapena 90 pa 100 alionse amakhala a mtima. Koma njirayi ndi yakaduka: muyeso wa CHIR99021 ukaphonyeka pang'ono, kapena maselo akathithikana mosiyana ndi sabata yatha, zonse zimalephereka, ndipo maselo ochokera kwa munthu wina amafuna muyeso wawo.

Otsala aja, osasanduka mtima, ndiwo oopsa. Selo la iPS limene latsalira osasintha likalowa m'thupi likhoza kumera chotupa chotchedwa teratoma, chimene mkati mwake mumapezeka tsitsi, mafupa ngakhale mano. Ndipo pa maselo 1 biliyoni, 1 peresenti yokha ndi maselo 10 miliyoni. Shugo Tohyama ndi Keiichi Fukuda a ku Keio University ku Tokyo anapeza njira yochenjera mu 2013: kuwamana shuga maselo onse n'kuwapatsa lactate, chinthu chimene thupi limapanga likamaphwanya shuga. Maselo a mtima amatha kupeza mphamvu kuchokera ku lactate, pamene ena ambiri, makamaka osasintha aja, amadalira shuga ndipo amafa ndi njala. Otsala amakhala a mtima mpaka 99 peresenti.

Vuto lili m'kugundako

Makanema a maselo akugunda m'kambale amasangalatsa, ndipo ndi amene amaonetsedwa nkhanizi zikamalengezedwa. Koma kwa ine kugunda kumeneko ndiko chizindikiro choonekeratu chakuti ntchito isanathe. Selo lokhwima la m'chipinda chopopa cha mtima siligunda lokha. Limakhala chete kudikira uthenga wa magetsi wochokera ku kagulu kakang'ono ka maselo kamene kali pakhoma la chipinda chakumwamba chakumanja, ndipo kaguluko ndiko kokha kamene kamalamula liwiro. Selo la mu labotale limagunda palokha chifukwa ndi lanthete, lofanana ndi la mwana wosabadwa.

Kusiyanako n'kwakukulu. Selo lokhwima ndi lalitali ngati kandodo, ulusi wake wofinyira ndi wondandalikidwa mwadongosolo, gawo limodzi mwa magawo atatu a mkati mwake ladzaza ndi tizigawo topanga mphamvu, ndipo limadya kwambiri mafuta. La mu labotale ndi laling'ono, lozungulira, ulusi wake uli balala, limadya shuga, ndipo mphamvu yake yofinyira ndi yochepa kwambiri. Pa nkhani ya magetsi, selo lokhwima likamapuma limakhala cha pa -85 kapena -90 millivolt (muyeso wa mphamvu ya magetsi), chifukwa lili ndi timabowo tambiri totulutsa potaziyamu timene timalikhazika pansi. Lanthete limakhala cha pa -60, timabowo timeneti lili nato tochepa, ndipo lili ndi tina timene timalowetsa magetsi pang'onopang'ono mpaka selolo litadziyatsa lokha.

Zili ngati kwaya imene mwalowa oimba atsopano amawu amphamvu, odziwa nyimbo koma osayang'ana wotsogolera. Akangoyamba pa liwiro lawo, oyandikana nawo amawatsatira, ndipo nyimbo yonse imasokonekera.

Vutoli linachedwa kuoneka chifukwa cha nyama zimene ankayesera. Mtima wa mbewa umagunda ka 500 kapena 600 pa mphindi, liwiro limene selo la munthu silingafikepo, choncho maselo oikidwawo sankatha kusokoneza chilichonse. Linaonekera poyera mu 2014 pamene James Chong ndi Charles Murry a ku University of Washington ku Seattle anabaya maselo 1 biliyoni mumtima wa nyani aliyense wa mtundu wa macaque amene anali ndi chipsera. Maselowo anawaika jini yowachititsa kuwala mobiriwira akagunda, ndipo kuwalako kunkagwirizana ndendende ndi kugunda kwa mtima wa nyaniyo. Mnofu watsopano unameradi m'chipseramo, mitsempha ya magazi inaulowerera. Koma anyani onse amene analandira maselo mtima wawo unali ndi nthawi zothamanga mosokonekera. Yuji Shiba wa ku Shinshu University anaonanso zomwezo mu 2016 ndi maselo a iPS. Anyaniwo anapirira. Nkhumba, zimene mtima wake umafanana kwambiri ndi wathu kukula ndi liwiro lomwe, zina zinafa. Kusokonekerako kumayamba masiku oyambirira ndipo kumazilala pakatha pafupifupi mwezi, maselowo akamakhwima ali m'thupi. Koma mwezi ndi nthawi yaitali kwa munthu wa mtima wofooka kale.

Wina anganene kuti ndiye muwakhwimitse musanawaike. Akuyesa: kuwasunga miyezi yambiri, kuwadyetsa mafuta m'malo mwa shuga, kuwathira mahomoni, kuwakoka ndi makina, kuwagunditsa ndi magetsi mowonjezera liwiro tsiku ndi tsiku monga linachitira gulu la Gordana Vunjak-Novakovic ku Columbia University mu 2018. Zonsezi zimathandiza pang'ono. Koma pali msampha wina umene unadziwika kale mu 1999 pa makoswe: maselo okhwimiratu a mtima akabayidwa mumtima wina amafa, opulumuka ndi anthete omwe aja. Ndiye pakufunika selo lokhwima mokwanira kuti likhale chete, komanso lanthete mokwanira kuti lipirire ulendowo. Gulu la Murry linayesa njira ina mu 2023: linagwiritsa ntchito CRISPR, njira yodulira ndi kusinthira majini, kuchotsa majini atatu oyambitsa kudziyatsa kuja n'kuwonjezera mphamvu ya jini imodzi ya potaziyamu. Maselowo, amene anawatcha MEDUSA, amakhala chete mpaka atalamulidwa, ndipo mu nkhumba sanabweretse kusokonekera kokhalitsa kuja.

Uanthete womwewu sunalepheretse maselowa kupeza ntchito kwina. Mankhwala ena, monga terfenadine wa chimfine ndi cisapride wa m'mimba, anachotsedwa pamsika ku America atapezeka kuti amasokoneza magetsi a mtima mpaka kupha. Lero makampani amathira mankhwala atsopano pa maselo a mtima wa munthu m'kambale asanamwetse aliyense. Komanso kuyambira 2010 ofufuza amatenga khungu kapena magazi a munthu wa matenda a mtima akumtundu, n'kupanga maselo a mtima okhala ndi vuto lomwelo kuti aliphunzire osamukhudza pachifuwa.

Kubaya kapena kuika chigamba

Maselo akabayidwa ndi jakisoni mumtima umene ukugunda, ambiri amafinyidwira kunja kapena kukokoloka ndi magazi, ndipo otsala amapezeka ali m'chipsera mopanda mitsempha yokwanira. Nthawi zambiri oposa 90 peresenti amatayika m'masiku ochepa. Fukuda ndi kampani yake ya Heartseed amawaumba kaye m'timibulu ta maselo pafupifupi 1,000 kamodzi, chifukwa akakhala pamodzi amapirira bwino. Ena anasankha kupanga chigamba cha mnofu n'kuchisokerera kapena kuchimata kunja kwa mtima. Chigamba chimasunga maselo pamalo ake, ndipo sichisokoneza kagundidwe kawirikawiri chifukwa pakati pa icho ndi mtima pamakhala kansalu ka chipsera kamene magetsi sadutsa bwino. Koma ubwino womwewo ndiwo kufooka kwake: ngati magetsi sakudutsa, chigambacho chikuthandiza motani kupopa? Palinso malire a kuchindikala. Okosijeni amalowerera mu mnofu wopanda mitsempha mtunda wosaposa 0.2 milimita, pamene khoma la chipinda chopopa chakumanzere limachindikala pafupifupi sentimita imodzi.

Funso lina ndi lakuti maselowo achokere kwa ndani. A wodwalayo mwini sakanidwa ndi thupi, koma kuwapanga ndi kuwayeza kumatenga miyezi yambiri ndi ndalama zochuluka, kwa munthu mmodzi yekha. N'chifukwa chake pafupifupi onse amagwiritsa ntchito maselo a munthu wina osungidwa kale mufiriji, ndipo wodwala amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha mthupi, amene amavulaza impso n'kutsegulira khomo matenda ena. Ofufuza ena akusintha majini kuti maselo asaonedwe ndi chitetezo cha mthupi n'komwe. Nkhawa yake ndi yodziwikiratu: selo losaoneka likasanduka khansa, thupi silidzaliona.

Pa anthu, Menasché yemwe uja anayambanso mu 2014 ndi odwala 6, kuwaika kachigamba ka maselo ochokera ku mluza amene anali atangoyamba kulowera ku mtima. Sipanamere chotupa. Mu January 2020 Yoshiki Sawa wa ku Osaka University anamata pamtima wa wodwala timapepala ta maselo a iPS tochindikala 0.1 milimita, maselo onse pafupifupi 100 miliyoni. Odwala ake amasiya mankhwala ofooketsa chitetezo pakatha miyezi itatu, ndipo maselo oikidwawo amatha. Cholinga chake n'chakuti asanathe atulutse zinthu zothandiza mitsempha yatsopano kumera ndi kutsitsimula mnofu wotopa. Chingathe kukhala chithandizo chenicheni, koma ine sindingachitche kubwezeretsa mnofu wa mtima. Heartseed inayamba kubaya odwala timibulu take kumapeto kwa 2022, ena maselo 50 miliyoni ena 150 miliyoni, ndipo cholinga chake n'chakuti maselowo akhazikike.

Umboni woonekeratu unachokera ku Germany. Gulu la Wolfram-Hubertus Zimmermann ku Göttingen linayamba mu 2021 kusokerera zigamba zochindikala, za maselo mamiliyoni mazanamazana oumbidwa ndi collagen, ulusi umene umagwirizanitsa minofu ya m'thupi, pa mitima ya odwala kwambiri. Mayi wina wa zaka 46 analandira zigambazi, ndipo patatha miyezi itatu unapezeka mtima womuika. Mtima wake wakale atauchotsa anauyeza, ndipo lipoti la mu January 2025 linasonyeza kuti maselo oikidwawo anali amoyo, mitsempha ya magazi itawalowerera. Anali akadali anthete.

Zonsezi zinali zoyesa zoyambirira, za odwala owerengeka, zofuna kudziwa makamaka ngati njirayo siipha. Odwala a ku Paris komanso a Heartseed ankalandira maselo pa nthawi yomweyo imene ankawachita opaleshoni yolambalala mitsempha yotsekeka, ndipo opaleshoni imeneyo payokha imatha kuwongola kapopedwe ka mtima. Wodwala akamapeza bwino pambuyo pake, n'kovuta kudziwa gawo la maselo ndi gawo la opaleshoni. Kuti zidziwike pafunika odwala mazana ambiri ogawidwa mwamaere, ena alandire maselo ena ayi, n'kuwatsatira kwa zaka kuti awerenge amene agonekedwanso m'chipatala, amene mtima wawasokonekera, ndi amene adakali moyo.